KODI WOFUNA KULEKA MOWA KU MSANZALA ANGAPITE KWA YANI?

Caka ciliconse, kuyambira mwezi wa Meyi kufikira Ogasiti, ndalama zimalowa m'midzi ya ku Msanzala, Petauke ndi Nyimba. Thonje lapita pa sikelo, nshawa ndi soya zagulidwa, cimanga cili m'masaka kuyembekeza magalimoto. Iyi ndiyo nyengo imene mabanja amafolera nyumba ndi malata, kugula njinga ndi kusungira feteleza wa dzinja likudzalo. Koma ndiyonso nyengo imene amai ena sagona tulo, pakuti adziwa kuti thukuta la miyezi isanu ndi umodzi likhoza kuthera m'botolo pa masabata awiri okha.

Za kuipa kwa ucidakwa zanenedwa kambirimbiri, m'machalichi, pa wailesi ndi pa misonkhano ya mafumu. M'zaka za m'ma 1970 Mtsogoleri woyamba wa dziko lino, a Kenneth Kaunda, amene iwo eni sanali kumwa mowa, anafika poopseza kuti adzatula pansi udindo ngati anthu sacepetsako kuledzera. Kudzudzula, tsono, sikunasowepo. Nkhani yathu lero ili pa munthu amene kudzudzulako wakumva kale, ndipo wavomera mumtima mwace kuti mowa wam'gonjetsa. Walonjeza kwa mkazi wace katatu, walumbira pamaso pa ankhoswe, mwina wapemphereredwa, koma Loweruka likafika miyendo im'tengera komweko. Munthu wotere safuna womuuza kuti mowa ndi woipa. Afuna kudziwa kumene angapeze anthu ena amene anagwa m'dzenje lomwelo natulukamo.

Mowa unasintha nkhope

Akuluakulu a dziko la Ansenga akumbukira nthawi imene mowa unali ndi mwini wace ndiponso cifukwa cace. Unali kufululidwa pa dima pothokoza olimitsa, pa cinamwali, pa kumeta maliro ndi popereka nsembe kwa makolo. Unali wa masese, unali kutenga masiku kuti upse, ndipo ukatha unali watha. Mnyamata wosakwatira sanali kukhala pa mtsuko pamodzi ndi atsibweni ace. Akatswiri awiri, a Elizabeth Colson ndi a Thayer Scudder, m'buku lao la 1988 lochedwa For Prayer and Profit, anafotokoza m'mene mowa unasandukira malonda pakati pa Atonga a ku Gwembe kuyambira 1950 kufikira 1982. Zimene anaona kumeneko, okalamba a kwa Nyamphande, kwa Sandwe kapena kwa Ndake angazicitire umboni osawerenga bukulo.

Lero mowa ulibe nyengo. Kacasu wochezedwa ndi gaga ndi shuga apezeka m'mawa ndi usiku ngakhale lamulo lim'letsa, ndipo amamwedwa pa ngongole yodzabweza pokolola. Mu Epulo 2012 a Nkandu Luo, amene panthawiyo anali Nduna yoona za maboma ang'onoang'ono, analetsa tujilijili, timapaketi ta mowa waukali tija ana a sukulu anali kubisa m'matumba. Sipanapite nthawi, mowa wa mtundu womwewo unabwerera m'timabotolo. Pali lamulo la 2011 loletsa kugulitsa mowa kwa wosakwana zaka 18, ndipo mu 2018 Boma linakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse yoona za mowa. Zonsezi n'zofunika, koma lamulo likhoza kutseka shabini, silingacotse cibaba cimene cakhazikika m'thupi la munthu. Bungwe la World Health Organization linawerengera kuti m'caka ca 2019 cokha anthu 2.6 miliyoni anafa pa dziko lonse cifukwa ca mowa.

Anthu awiri a ku Akron

Mwambo wakuti zidakwa zizithandizana zokha unayamba mwa njira imene munthu wa kumudzi angaimvetse bwino. Mu Meyi 1935 a Bill Wilson, wamalonda wa ku New York amene anali atakhala miyezi yowerengeka osamwa, anapita ku mzinda wa Akron ku America pa nchito. Malondawo analephereka, ndipo ali yekha m'hotela cibaba cinam'gwira. Msonkhano woti apiteko kunalibe, pakuti panthawiyo sunali kudziwika n'komwe. Iye anaimba foni kwa abusa a mumzindamo ndi kufunsa cinthu cacilendo: kodi mungandipezereko cidakwa cina coti ndilankhule naco? Potsiriza anam'kumanitsa ndi dokotala wina, a Bob Smith, amene mowa unali utatsala pang'ono kuwaonongera nchito. Adokotalawo anavomera kumvetsera kwa mphindi 15 zokha, koma anaceza maola ambiri, cifukwa mlendoyo sanawalalikire. Anangosimba za iye mwini. Pa 10 Juni 1935 a Smith anamwa mowa wao wotsiriza, ndipo tsikulo ndilo liwerengedwa kukhala ciyambi ca bungwe la Alcoholics Anonymous, kapena A.A. mwacidule, limene lero lili ndi anthu pafupifupi 2 miliyoni m'maiko okwana ngati 180.

Msonkhano wa A.A. ulibe zambiri. Anthu amakhala pansi kwa ola limodzi, wina atsegula, ndipo aliyense wofuna asimba za sabata lace: kumene anayesedwa, cimene anacita, ndi cimene aopa mawa. Pamene wina alankhula enawo sam'dula mau ndipo sam'weruza. Palibe ndalama yolowera, palibe kaundula wa maina, ndipo coyenereza munthu kulowa ndi cimodzi cokha, ndico kufuna kuleka kumwa. Salumbira za moyo wonse. Cimene amalimbikira ndi kusamwa lero, ndipo za mawa adzaziona mawa. Watsopano amasankha mnzace amene wakhalitsa osamwa kuti azim'tsogolera, monga m'mene phungu amayendera ndi namwali, ndipo ndiye amene amam'thamangira cibaba cikavuta usiku.

Kodi zimathandiza? Mu 2020 akatswiri a bungwe la Cochrane anasonkhanitsa kafukufuku 27 wokhudza anthu 10,565, napeza kuti mwa anthu 100 amene anatsogoleredwa bwino kulowa m'magulu otere, 42 anali asanamwenso patapita caka, pamene mwa olandira uphungu wa mitundu ina anali 35. Kafukufuku wambiriyo anacitikira ku America, ndipo owerenga aone okha kuti 42 safika ndi theka lomwe. Uyu si mankhwala a tsiku limodzi ai. Komabe pa matenda ouma khosi ngati awa, njira yosalira ndalama imene ilingana ndi ya akatswiri, kapena kuiposa, siyenera kunyozedwa.

Yambani ndi ku kiliniki

Misonkhano ya A.A. m'dziko muno ipezeka makamaka m'mizinda, monga ku Lusaka, ndipo kucoka ku Petauke kufika kumeneko ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 400. Wa ku Msanzala, kumene kuyambira 2018 kuli m'boma la Lusangazi, ayenera kuonjezapo mseu wafumbi wokafika pa Great East Road. Palibe mlimi angayende ulendo wotere sabata ndi sabata. Ndiponso magulu otere, ngakhale kumene alipo, saika cikwangwani pa mseu. Amapezeka mwa kufunsa, ndipo akale anati safunsa anadya phula.

Malo oyamba kufunsa ndi ku kiliniki ya kwanuko, ndipo pali cifukwa cacikulu cimene ambiri sacidziwa. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa zaka, makamaka uja amadzuka manja akunjenjemera kufikira atalawako pang'ono, sayenera kuleka mwadzidzidzi ali yekha. Thupi lace linazolowera kugwira nchito mowa uli m'magazi, ndipo ukacoka kamodzi ubongo umacita ngati ng'ombe yomasulidwa pa goli. Pakapita maola 6 kufikira 24 ayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, kusanza ndi kusowa tulo. Amenewa si matsire wamba, aja anyamata acha babalazi. Pa masiku awiri oyamba ena amagwa ngati a khunyu. Pa tsiku laciwiri kufikira lacinai ena amasokonezeka mutu, kubwebweta, kuona njoka ndi tizilombo pa khoma, thupi lili gwaa kutentha. Apa munthu akhoza kufa.

Kumudzi zizindikiro zoterezi kawirikawiri zimamasuliridwa molakwa. Abale poona munthu amene dzana analeka mowa akukuwa usiku kuti aona zilombo, amati wam'lodza mnzace wa ku mowa, kapena kuti mizimu yakwiya, ndipo amathamangira kwa sing'anga kapena kum'manga ndi zingwe. Ena amam'patsanso kacasu, naona kuti wakhala bwino, ndipo onse amatsimikiza kuti munthuyu sangakhale moyo popanda mowa. Coonadi n'cakuti ku cipatala kuli mankhwala, monga diazepam ndi vitamini B1, amene amam'dutsitsa munthu pa masiku oopsawa. Anamwino akaona kuti vuto lakula amatumiza wodwala ku cipatala ca boma la Petauke, ku Kalindawalo General Hospital, ku Minga kapena ku cipatala ca Nyimba, ndipo kupitirira apo kuli Chipata Central Hospital ndi Chainama ku Lusaka. Dzina la Chainama, cipatala cimene cinatsegulidwa mu 1962, limaopsa ambiri, cifukwa anthu amati kumeneko n'kwa amisala okha. Koma kumathandizidwanso ovutika ndi mowa, ndipo lamulo latsopano la 2019 loona za matenda a maganizo linalowa m'malo mwa lija la atsamunda ndi colinga coteteza ulemu ndi ufulu wa wodwala.

Pali phindu lina lofunsira ku kiliniki. Anamwino, aphungu a za HIV ndi TB, ndi a komiti ya zaumoyo ya m'mudzi ndiwo adziwa anthu ena a m'deralo amene alimbana ndi vuto lomwelo. Saloledwa kuulula maina a odwala, koma mukhoza kuwapempha kuti akauze winayo kuti pali munthu afuna kuceza naye, ndipo iye akavomera mudzakumana. Ndi zomwe anacita a Wilson ku Akron.

Ku chalichi ndi kwina

Malo aciwiri ndi ku mpingo. M'maparishi ambiri a Katolika m'Zambia muli gulu la a Pioneer, limene linayambitsidwa ku Dublin mu 1898 ndi wansembe wa Cijezuiti, Bambo James Cullen. A m'gululi amalonjeza kusamwa mowa ndipo amavala kabaji pa cifuwa. A Sabata ndi mipingo ina amaletseratu mowa, ndipo a Reformed Church in Zambia ali ndi zigwirizano za amuna ndi za amai zokumana mkati mwa sabata. Kwa ena cikhulupiriro ndico cakhala cingwe cowatulutsa, ndipo zimenezi n'zosatsutsika. Kungoti gulu la anthu osamwa ndi gulu la anthu amene analeka kumwa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Munthu amene sanalawepo kacasu akhoza kum'pempherera cidakwa ndi mtima wonse, koma sadziwa m'mene mmero umaumira pa ola la 16 anzako akamadutsa pa njira akuseka. Ndiponso kumene kuledzera kumaweruzidwa ndi akulu a mpingo, wogwa amabisa kugwa kwace, ndipo cobisika sicicira. Cotero pofika kwa abusa kapena kwa akatekisiti, funso labwino ndi ili: mumpingo muno ndani amene anali cidakwa naleka?

A Drug Enforcement Commission, amene ambiri awadziwa monga ogwira olima camba, alinso ndi nthambi ya maphunziro ndi uphungu, ndipo wopita yekha kukapempha thandizo la mowa sapalamula mlandu. Wokhala ndi foni akhoza kuimba kwaulere pa nambala 933 ya Lifeline ndi kulankhula ndi phungu. Ya ana ndi 116. Kuyambira m'nthawi ya Covid-19 mu 2020 misonkhano yambiri ya A.A. imacitikanso pa intaneti, koma yambiri ili m'Cizungu ndipo ifuna netiweki ndi ndalama ya mabando, motero ithandiza aphunzitsi ndi anchito a Boma koposa alimi.

Ngati kulibe, ayambe ndani?

Mwambo wa A.A. umalola kuti zidakwa ziwiri kapena zitatu zokumana ndi colinga cosamwa zikhale kale gulu, popanda cilolezo ca ofesi iliyonse. Ndipo anthu a kuno sali alendo pa nchito yotere. Bungwe la anthu okhala ndi HIV la NZP+ linayamba mu 1996, ndipo mankhwala a ma ARV atayamba kuperekedwa kwaulere ca m'ma 2005, timagulu tothandizana tinabuka pa makiliniki a m'midzi. Anthu amene poyamba anali kubisala anayamba kukumbutsana za mankhwala ndi kuyenderana. Manyazi a nthawi ija anali aakulu kuposa a mowa, koma anagonjetsedwa ndi odwala eni ace.

Umboni wina wacokera ku Lusaka. Mu 2020 akatswiri a Johns Hopkins University pamodzi ndi bungwe la SHARPZ anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa mabanja 248 a m'makomboni, m'mene mwamuna anali kumwa mopitirira ndipo mkazi anali kucitiridwa nkhanza. Aphungu ace sanali madokotala, koma anthu wamba a m'komboni amene anaphunzitsidwa ndi kuyang'aniridwa. M'mabanja amene anathandizidwa, kumwa kwa amuna kunacepa ndipo nkhanza zinacepanso. Amenewo anali aphungu ophunzitsidwa, osati gulu la zidakwa zokha, koma asonyeza kuti thandizo siliyenera kudikira katswiri wocokera kutali.

Kuyambitsa kagulu m'mudzi kuli ndi zovuta zace zimene a m'tauni sazidziwa. Coyamba ndi cinsinsi. Ku Lusaka munthu akwera basi napita kumene sadziwika; kumudzi aliyense adziwa njinga ya mnzace, ndipo ikaima pa khomo lina Lacitatu lililonse, pa citsime pamveka kale. Kubisa kuti mumakumana n'kosatheka, ndipo kuyesa kutero kumangobala mphekesera za ufiti kapena ndale. Cotheka ndi kusunga zolankhulidwa. N'kwanzeru kuwadziwitsa anyakwawa za colinga ca kaguluko, koma iwo asakhalepo pa msonkhano pokhapokha ngati naonso ali ndi vuto lomwelo, pakuti pamaso pa mfumu munthu amalankhula zoyenera, osati zoona. Zonenedwa m'kagulu zisakafike pa bwalo la milandu kapena kwa ankhoswe, ndipo amene waulula kamodzi wapha gulu lonse.

Caciwiri ndi ulemu wa cibale. Mkamwini sangasimbe pamaso pa apongozi ace m'mene anagulitsira thumba la feteleza kuti amwere, ndipo mphwa sangamasuke atsibweni ali pomwepo. Cifukwa cace kagulu kotenga anthu a midzi itatu kapena inai, kokumana pa sukulu, pa kiliniki kapena pansi pa mtengo wa pakati, kamayenda bwino kuposa ka mudzi umodzi. Amai akumwa ali pa vuto loposa, pakuti mwamuna woledzera amasekedwa koma mkazi woledzera amanyozedwa, ndipo ambiri amamwera m'nyumba. Iwowa ayenera kukhala ndi kagulu kaokao. Akazi ndi ana a zidakwa naonso ali ndi mtolo wao. Kwina kuli magulu a Al-Anon, amene anayamba mu 1951, a abale okhaokha, ophunzitsana kuleka kubisira cidakwa zolakwa zace ndi kum'lipirira ngongole za ku mowa. Kumene kuli kumenyedwa, imeneyo ndi nkhani ya a Victim Support Unit ku polisi, ndipo isadikire kuti mwamuna ayambe waleka mowa.

Cacitatu ndi ndalama. Masiku ano anthu asanu akangokhala pansi pamodzi, wina amati tilembetse kalabu kuti tipemphe thandizo la C.D.F., kapena tiyambe banki ya m'mudzi. Zimenezo n'zabwino pa malo ace, koma m'kagulu aka zisalowe. Pakalowa thumba la ndalama pabwera ofuna ndalamazo amene safuna kuleka mowa, ndipo wobwereka akalephera kubweza amaleka kubwera, nabwerera ku shabini. A A.A. anaphunzira zimenezi kalekale, ndipo mpaka lero amakana mphatso zocokera kunja kwa gulu lao. Tinenepo apa kuti kaguluka sikali ka nkhondo yolimbana ndi ocheza kacasu. Ambiri a iwo ndi amai amasiye ofuna sopo ndi mayunifomu a ana, ndipo za malonda ao zili m'manja mwa mafumu, khonsolo ndi apolisi.

Ndipo padzakhala kugwa. Wina adzakhala miyezi itatu osamwa, kenaka pa maliro a mbale wace, kapena pa mwambo wa Tuwimba kwa a Kalindawalo mu Okutobala, kumene abwenzi akale onse akumana, adzalandira cikho cimodzi, ndipo cimodzico cidzabala masiku anai. M'magulu amene akhalitsa, wotere sam'thamangitsa ndipo sam'lipiritsa mbuzi. Awiri amapita kwace m'mawa, nam'funsa ngati manja anjenjemera kuti am'perekeze ku kiliniki, ndipo pa msonkhano wotsatira amayambanso kuwerenga masiku kucokera pa limodzi.

Za tsiku ndi nthawi, gulu lililonse liona lokha, koma odziwa amasankha ola lomwe kale anali kupita ku mowa, makamaka madzulo a Lacisanu kapena Loweruka, kuti mpata umenewo usakhale wopanda kanthu. M'dzinja, mitsinje ngati Msanzala ikadzaza ndipo anthu ali pa kupalira, obwera adzacepa, mwina kutsala awiri, msonkhano ucitikebe. Ndipo ofuna kuyamba acite zimenezi mu Malichi kapena Epulo, thonje lisanathyoledwe, kuti pofika tsiku la sikelo aliyense akhale atapangana kale ndi mnzace wopita naye kukalandira ndalama ndi njira imene adzadzera pobwerera kunyumba.